Mvula ya ku Kanyama imachokera kunyanja

Dziko la Zambia lilibe nyanja yamchere, koma ndikufuna anzanga a m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George adziwe kuti madzi amene amatilowera m'nyumba mu Januwale amayambira kumeneko. Dzuwa likawomba nyanja za Indian ndi Atlantic, chinyezi chimakwera, mphepo n'kuchinyamula. Mphepo ina imadzera ku Mozambique, ina imadutsa nkhalango za ku Congo. Zikakumana pamwamba pathu, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula imagwa.

Kanyama amavutika kwambiri chifukwa ndi pachidikha, pansi pali thanthwe la laimu, ndipo madzi apansi ali pafupi. Mvula ikachuluka zimbudzi zokumba zimasefukira, zitsime n'kuipa. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023, mpaka odwala kukagonekedwa ku Heroes Stadium, anafala kwambiri m'makomboni otere.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nyanja ya Pacific, kutali konseko, imatilamuliranso. Madzi ake akatentha mopitirira muyeso kufupi ndi Peru, zomwe akatswiri amati El Niño, mphepo zimasintha njira, mvula yathu n'kuthawa. Ndi zimene zinachitika dzinja la 2023 mpaka 2024. Chimanga chinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili patsoka. Madzi anatsika ku damu la Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, ufa n'kukwera mtengo.

Akatswiri amapima kutentha kwa nyanja kudakali miyezi kuti mvula iyambe. Choncho a zanyengo akalengeza za dzinja likudzalo, chonde tcherani khutu, ndipo khonsolo ikonze ngalande mvula isanagwe.