Chotupa sichifunsa zaka

Ena amati khansa ya m'mawere ndi ya agogo. Enanso, atamva kuti kuyezetsa kumapulumutsa moyo, amaganiza kuti mtsikana aliyense azikajambulitsa mawere chaka ndi chaka. Maganizo onsewa ndi omveka, koma akusakaniza nkhani ziwiri zosiyana.

Kujambula kwa mammogram komwe amaikira zaka ndi kwa mayi amene sakumva kapena kuona vuto lililonse. Ku America, gulu la akatswiri la USPSTF linatsitsa zaka zoyambira mu 2024, kuchoka pa 50 kufika pa 40, ndipo limati mayi azijambulitsa kamodzi pa zaka ziwiri mpaka atakwanitsa 74. Ku England, NHS imaitana amayi kuyambira zaka 50, kamodzi pa zaka zitatu. Onsewa satumako mayi wa zaka 28 amene alibe chiopsezo chapadera, ndipo si kuumira. Bere la mayi wachitsikana limakhala lothinana m'kati, ndipo pa chithunzi mnofu wothinanawo umaoneka woyera, chimodzimodzi chotupa. Makina amatha kuphonya chenicheni, kapena kuloza pomwe palibe kanthu, mayi n'kubayidwa singano ndi kusowa tulo pachabe.

Koma amene wapeza chotupa, zaka zimenezi sizikumukhudza. Kwathu kuno nkhani yagona pamenepa, poti ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. "Sichikupweteka," amatero, osadziwa kuti khansa imakonda kuyamba mwakachetechete. Woyamwitsa amati ndi mkaka waundana, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona, koma chotupa chikakakamira akachionetse. Chimodzimodzi nsonga ya bere ikalowa m'kati kapena ikamatulutsa magazi, khungu likachita timaenje, kapena m'khwapa mukatupa. Zotupa zambiri mwa atsikana si khansa, kungoti chala sichitha kusiyanitsa. Pa msinkhu umenewu madokotala amakonda kuyamba ndi sikani ya ultrasound.

Palinso oti "kumtundu kwathu kulibe matendawa". Odwala ambiri alibe m'bale amene anadwalapo. Komabe ngati amayi anu, achemwali kapena azakhali anadwala akadali achitsikana, auzeni adokotala, chifukwa mungafunike kuyamba kuyezetsa msanga. Chibadwa chokweza chiopsezo cha khansayi, ngati cha BRCA1 ndi BRCA2, chimachokeranso kuchimuna, zomwe ambiri amaiwala.

Nanga zoika ndalama kapena foni mu kamisolo? Palibe umboni woti zimayambitsa khansa.