Kupanga Chovala cha Nkhondo Zamakedzana ndi Zipangizo Zotsika Mtengo

Titawerenga m'kalasi ndakatulo ya Chingerezi chakale yotchedwa Sir Gawain and the Green Knight, ndidachita chidwi ndi mmene mlakatuli adafotokozera msilikali akuvala zida zake chimodzichimodzi. Chidwicho chidandifikitsa pa nkhani ya anthu a ku Ulaya ndi ku America amene amachita masewera oyerekeza nkhondo zamakedzana. Limodzi mwa magulu awo ndi Society for Creative Anachronism, lomwe lidayamba mu 1966 ku Berkeley, California. Anthuwa amamenyana ndithu ndi ndodo za rattan, choncho chovala chawo si chongodzikongoletsera. Popeza chosula mmisiri n'chokwera mtengo, ambiri oyamba kumene amadzipangira chawo. M'nkhani ino ndifotokoza mmene amachitira.

Chovala chosavuta kutsanzira ndi chapachifuwa cha zidutswa zachitsulo zokhomeredwa mkati mwa nsalu kapena chikopa. Timachidziwa bwino chifukwa cha nkhondo ya ku Visby, pa chilumba cha Gotland, mu 1361. Asilikali a Mfumu Valdemar IV ya ku Denmark adapha alimi ambiri, ndipo ena adakwiriridwa atavala zida zawo. Mandawo atafukulidwa, Bengt Thordeman adalongosola zovalazo m'buku lake la mu 1939. Ubwino wa chovalachi ndi wakuti zidutswazo zimabisika mkati, moti munthu akaika pulasitiki m'malo mwa chitsulo maonekedwe akunja sasintha.

Choyamba, wopanga amayeza thupi lake atavala kale malaya ochindikala amkati, n'kudula zidutswa zoyesera pa katoni. Akakhutira, amazijambula pa mgolo wapulasitiki wabuluu, womwe sudasungepo mankhwala oopsa, n'kuzicheka ndi sowo. Pulasitikiyu amafewa akatenthedwa, kotero amapindika motsata nthiti ndipo akazizira amakhala momwemo. Kenako amaboola chidutswa chilichonse n'kuchikhomerera ku nsalu yolimba ngati ya tenti, zidutswazo zitasanjikizana m'mphepete kuti pasakhale mpata. Ine nditayesa ndidachita ulesi kupala makona ake, ndipo adang'amba nsalu tsiku loyamba lomwelo. Ndidayambiranso ndi tupa m'manja.

Chachiwiri, pulasitiki payekha sateteza mokwanira. Ntchito yake ndi kumwaza mphamvu ya ndodo pamalo aakulu, pamene malaya amkati, osokedwa ndi nsalu zambiri zosanjikiza kapena oikamo thonje, amachepetsa mphamvu yotsalayo isanafike pafupa. Asilikali osauka akale nthawi zina ankalowa m'nkhondo ndi malaya okhawa.

Komabe pali malo amene kuumira ndalama kungaphetse munthu. Malamulo a gulu lija amafuna kuti chisoti chikhale chachitsulo chochindikala mamilimita osachepera 1.6, chokhala ndi zofewa mkati ndi lamba wa kuchibwano. Mipata ya kumaso iyenera kuchepa kuti ndodo isalowe. Khosi, impso, zigongono, mawondo, manja ndi kumaliseche ziyeneranso kutetezedwa, ndipo woyang'anira masewera amaunika zonsezi munthu asanalowe m'bwalo.

Pomaliza, chapachifuwa munthu angachipange pakhonde ndi mgolo, nsalu ndi kuleza mtima. Ndalama zimene wapulumutsa pamenepo apite nazo kwa mmisiri wodziwa kusula chisoti, chifukwa nthiti yothyoka imalumikizana koma ubongo ukavulala suchira msanga.