Chifukwa Chake Wi-Fi Amathera Pabalaza

Pa ntchito yanga yolumikiza intaneti m'nyumba za anthu kuno ku Chipata, dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa eni makomo a ku Chiparamba ndi lakuti, ngakhale anagula rauta ndi ndalama za mtedza wawo, nalipira mwezi ndi mwezi osaphonya, Wi-Fi amathera pabalaza, kotero kuti mwana wowerenga kuchipinda chakumapeto, ngakhalenso mayi amene ali kukhitchini ya panja, sapeza kanthu. Ambiri amathamangira kuimba mlandu kampani, pamene chifukwa chili pakhomo pawo pomwe.

Kuti intaneti ifike pa foni yanu, maulendo alipo awiri. Woyamba uchokera pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel, kapenanso mlengalenga kwa iwo amene anatenga Starlink chifikire chake m'Zambia mu 2023, kudzafika pa rauta. Wachiwiri uchokera pa rauta kukafika pa foni. Woyambawo ndi wa kampani, koma wachiwiriwo, abale anga, uli m'manja mwanu.

Rauta ili ngati nyali, ndipo ngakhale Malembo anatichenjeza kalekale za kupusa kwa munthu wovundikira nyali yake, ine ndimaipeza itatsekeredwa m'kabati, kapena itabisidwa pansi kuseri kwa TV, poopa fumbi ndi manja a ana. Ikwezeni pamwamba, pakatikati pa nyumba, pakuti khoma lililonse la njerwa zootcha limadya mphamvu ya mafunde ake, malata amawabweza, ndipo thanki ya madzi ndi masamba othithikana a mtengo wa mango zimawameza. Koma ngati rautayo ili yolowetsa SIM, iyenera kukhala pafupi ndi zenera loyang'ana kunsanja.

Dziwaninso kuti marauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa mafunde a mitundu iwiri: a 5 GHz ali ndi liwiro koma safika patali, pamene a 2.4 GHz, ngakhale ali odekha, amapyola makoma nafika pabwalo. Wokhala pansi pa mtengo asankhe achiwiriwa.

Koma pakhomo lalikulu, pamene pali nyumba ya makolo, ya anyamata ndi kagolosale kumsewu, mutu umodzi susenza denga. Ena amagula kachipangizo kotchedwa repeater nakaika kumene mafunde anafera kale, osadziwa kuti kamangobwereza chimene kalandira; malo ake ndi pakati pa njira, ndipo ngakhale pamenepo kawirikawiri kamadula liwiro pakati. Njira yokhalitsa ndiyo kukoka waya wa Ethernet, umene umanyamula bwino mpaka mamita 100, kuulowetsa m'paipi, kuukwirira pansi, ndi kumangirira rauta yachiwiri kunyumba inayo. Pa nyengo ya dzinja muzule wayawo ku marauta mvula ya ziphaliwali ikayandikira, pakuti mphenzi ikhoza kuotcha zipangizo za mbali zonse ziwiri.

Za magetsi musade nkhawa, popeza marauta ambiri amayendera mavoti 12, ndipo batire ya sola imawakwanira bwino. Ikani password yolimba, kuti anansi asakuthereni data mwakachetechete.

Musanatulutse ngwee ina iliyonse, sunthani rauta, muyende ndi foni m'zipinda zonse ndi pabwalo, mukuyang'ana timizere ta Wi-Fi pamene tikuchepera. Pamene tathera ndi pamene payenera kufika waya.