Ndalama za fodya zimabwera mu Epulo, malungo mu Januwale: alipira ndani kuchipatala cha mishoni?

Ngati mumakhala ku Kasungu, kalendala ya fodya mumaidziwa kuposa ija ya pakhoma. Nazale mumafesa dzuwa likuswa mtengo, kuwokera kumadikira mvula, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale muli kalikiliki kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Ndalama zake mudzazigwira msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, ndipo ena mumafika Juni mabelo adakali pamzere.

Udzudzu sutsata kalendala imeneyi. Umaswana m'zithaphwi za mvula yomweyo imene ikukulitsa fodya, ndipo munthu akalumidwa, malungo amayamba kuoneka pakadutsa masiku 10 mpaka 15. Ndiye chifukwa chake mwana amatentha thupi pa nthawi imene nkhokwe ili pululu, m'thumba mulibe kanthu, ngongole ya feteleza nayo ikudikira.

Amene muli pafupi ndi chipatala cha boma mumangoberekera mwana kumsana n'kunyamuka. Koma m'madera ambiri chipatala chapafupi ndi cha mpingo, monga cha St Andrew's cha Anglican ku Mtunthama, kufupi ndi Kamuzu Academy, kapena cha Katolika cha Nkhamenya kumpoto kwa bomali. Kumeneko kumakhala kolipira, ndipo makolo ambiri amayamba afunafuna kaye ndalama. Masiku awiri amene bambo akuyendayenda kupempha ngongole ndi okwanira kuti malungo a mwana wamng'ono afike poipa. Tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira a m'magazi, mwana amayera m'manja ndi m'zikope, ndipo matenda amene akanatha ndi mapiritsi a LA a masiku atatu amafuna tsopano bedi, jakisoni, mwinanso kuwonjezera magazi. Bilu imene bambo amaiopa ija yakula kangapo, ndipo moyo wa mwana uli pachiswe.

Funso limene mumamva kawirikawiri, makamaka inu a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndi lakuti: chipatala cha Mulungu, chimene azungu amatumizako thandizo, chilipiritsanso bwanji amphawi? Funsoli si lachipongwe, ndipo likufunika yankho lomveka.

Mafuwa atatu a chipatala cha mishoni

Zipatala za mipingo m'dziko muno zili pansi pa bungwe la Christian Health Association of Malawi, CHAM mwachidule, lomwe chiyambi chake ndi chaka cha 1966. Eni ake ndi maepiskopi a Katolika pamodzi ndi bungwe la Malawi Council of Churches. Zipatala zake ndi zoposa 170, zambiri zili kumidzi, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thandizo lonse la zaumoyo m'Malawi. Ku Kasungu mwambo umenewu ndi wakale. Mishoni ya ku Chilanga inayambitsidwa ndi amishonale a Livingstonia cha m'ma 1900, ndipo amene anaitsogolera, George Prentice, anali dokotala.

Chipatala chotere chimakhala ngati mphika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi boma: malipiro a anamwino ndi madokotala ambiri a m'zipatala za CHAM amachokera ku boma, kutanthauza kuti amachokera ku misonkho yanu, kuphatikizapo ya fodya. Lachiwiri ndi abwenzi akunja. Chipatala cha St Andrew's chinayamba chaching'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo chakula ndi thandizo la bungwe la ku Britain la Medic Malawi, lomwe limasonkhanitsa zopereka kwa anthu wamba a kumeneko. Lachitatu ndi ndalama zimene odwala mumalipira.

Muyenera kudziwa khalidwe la thandizo lakunja kuti mumvetse fuwa lachitatuli. Wopereka amakonda chinthu chimene angachione ndi kuchijambula: nyumba ya amayi oyembekezera, ambulansi, thanki ya madzi, chipinda cha opaleshoni. Koma dizilo wa ambulansiyo, magolovesi, sopo, mankhwala opha ululu, bilu ya magetsi ndi ya wokonza makina, zimenezi zimafunika mwezi ndi mwezi, ndipo n'zovuta kuzipempherera kutchalitchi cha ku England chaka ndi chaka. Ndalama ya pawindo imapita kumeneko. Mankhwala ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipatala nazo zinakumana ndi mitengo yatsopano monga momwe inu munakumanirana nayo pogula feteleza.

Fuwa lakunja lija limathanso kugwedezeka popanda chenjezo. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lochuluka kumaiko ena, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa chaka chomwecho. Limenelo linali thandizo la boma osati la mipingo, koma phunziro lake ndi limodzi: chiganizo chimapangidwa kutali, ndipo anthu a ku Wimbe kapena kwa Kaluluma safunsidwa.

Si zonse zolipira

Apa ndi pamene mavolontiya mungapulumutse anthu ndi pakamwa pokha. Kuyambira 2006, maofesi a zaumoyo a m'maboma akhala akusainirana mgwirizano ndi zipatala zina za CHAM, umene ogwira ntchito amautchula kuti SLA. Pamgwirizanowu chipatala cha mishoni chimathandiza anthu a m'dera lake kwaulere pa zinthu zimene agwirizana, kenako bilu imapita ku boma. Unapangidwira madera amene chipatala cha boma chili kutali, ndipo kawirikawiri umakhudza amayi oyembekezera, kuchira ndi ana akhanda. Malo ena umafikanso kwa ana osapitirira zaka zisanu.

Kafukufuku wa Gerald Manthalu ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2016, anayang'ana zipatala za mishoni m'dziko muno ndipo anapeza kuti pamene malipiro anachotsedwa, amayi opita kusikelo anachuluka ndi 15 peresenti, ndipo ochirira kuchipatala anachuluka ndi 11 peresenti. Amayiwo sanali kudana ndi chipatala. Chimene chinkawatsekereza chinali ndalama.

Mgwirizanowu sufanana paliponse, ndipo umatha kusintha chaka ndi chaka, makamaka boma likachedwa kubweza ndalama. Choncho musadalire zimene munamva chaka chatha kwa mnansi. Mmodzi wa komiti apite kwa mkulu wa chipatala mvula isanayambe, akafunse kuti chaulere n'chiti chaka chino, kwa yani, ndi kwa midzi iti. Yankholo lilengezedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsonkhano wa amfumu. Katemera wa ana, mankhwala a TB ndi ma ARV amachokera ku boma ndipo salipiritsa ngakhale kuchipatala cha mishoni.

Musaiwalenso mlangizi wa zaumoyo. M'madera ovuta kufikako alangizi ena ali ndi kachipatala ka m'mudzi komwe amayeza malungo ndi kupereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu, kwaulere. Mwana akatentha thupi, ayezedwe tsiku lomwelo. Koma akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, kapena akalefuka osadzuka bwino, musataye nthawi ndi masamu a bilu. Pitani kuchipatala chapafupi, cha boma kapena cha mishoni, za ndalama mukakambirane mwana ali kale m'manja mwa namwino.

Kuyeza magazi kuli ndi phindu lina kuno kwa alimi a fodya. Munthu akathyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimalowa kudzera pakhungu ndipo amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza. Ambiri amati ndi malungo n'kumwa LA wotsala wa mwana. Uku n'kuwononga mankhwala, ndipo n'chizindikiro chakuti mwana uja sanamalize mapiritsi ake. Ana, amene matupi awo ndi aang'ono, chikonga chimawapweteka msanga, ndipo malo awo si m'munda wa fodya.

Alendo akabwera ndi makatoni

Miyezi ya chisanu, mvula itatha, ndi imene alendo a mipingo yakunja amakonda kubwera. Amabwera ndi mtima wabwino, ndipo ena ntchito yawo imaoneka. Agogo amene ng'ala inawatseka maso akachitidwa opaleshoni, amaonanso, ndipo mlendo akapita phindu limatsala. Koma matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi satha ndi mapiritsi a mwezi umodzi. Mlendo akakuyezani n'kukupatsani mankhwala, muonetsetse kuti walemba dzina la matendawo ndi la mankhwalawo m'buku lanu la kuchipatala, kuti kuchipatala chanu akapitirize pomwepo. Popanda zimenezi mwangolawitsidwa.

Akuluampingo, musachite manyazi kufunsa mafunso chifukwa chakuti munthu wachokera kutali. Dokotala aliyense wofuna kuthandiza odwala m'Malawi, ngakhale kwa sabata imodzi, ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mankhwala olowa m'dziko amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a mankhwala a mphatso mu 1996, litaona kuti maiko osauka ndi ogwa m'mavuto akutumiziridwa mankhwala otha ntchito, osafunika, ndi olembedwa m'zilankhulo zimene palibe akuzimva. Malangizowo amati mphatso itsate zimene wolandira wapempha, ndipo mankhwala afike atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu. Katoni ya mankhwala isagawidwe pakhomo la tchalitchi ngati zovala za kaunjika. Ipite kwa wosunga mankhwala wa kuchipatala, iye aone zoyenera.

Ine ndimaona kuti timalakwitsa pongothokoza. Mlendo akafunsa kuti tikuthandizeni chiyani, timati chilichonse chimene Mulungu wakupatsani, ndipo chaka chamawa amabwera ndi zidole. Mukanati njinga ya mlangizi yatha matayala, kapena denga la chidikiro likudontha, bwenzi atamva ndi kukonza zomwezo, mwinanso pa ndalama yochepa.

Chopereka cha pakhomo

Pali mphatso ina imene singabwere pa kontena, ndiyo magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limalandira magazi kwa anthu athanzi a zaka 16 mpaka 65, ndipo limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji. Sukulu zikatsekera Khirisimasi magazi amachepa, pamene ana a malungo ofuna magazi akuyamba kuchuluka. Mpingo umene uli ndi achinyamata ambiri ukhoza kuitana bungweli kapena kukambirana ndi chipatala chapafupi kuti tsiku lina la mu Disembala likhale lopereka magazi. Thupi la munthu wathanzi limabwezeretsa magazi amene wapereka, ndipo mphekesera zakuti amapita kwa anamapopa n'zimene zimasiya mwana wa mnzanu akudikira pabedi.

Nanga za ndalama zija? Mipingo yathu imadziwa kale kusonkha. Imamanga matchalitchi a njerwa zootcha, imagulira abusa galimoto, ndipo pamaliro amayi a Chigwirizano, a Mothers' Union ndi a m'miphakati sadikira kuuzidwa. Chimene chimasowa m'mipingo yambiri ndi thumba la odwala, losonkhedwa pa nthawi ya masika pamene fodya wagulidwa ndipo chimanga chili m'nkhokwe, n'kusungidwa osakhudzidwa mpaka dzinja.

Tiyerekeze mabanja 60 a pampingo umodzi, lililonse lipereke ndowa imodzi ya chimanga mu Juni. Ndowa zitatu zimangotsala pang'ono kudzaza thumba, choncho apo pali matumba pafupifupi 20. Ena angagulitsidwe ndalama zake zisungidwe, ena akhale chakudya cha amayi amene ali kuchidikiro ndi odikirira odwala. Alimi a fodya angawonjezere kangachepe tsiku limene ndalama za mabelo zalowa. Sizingalipire opaleshoni ya aliyense, koma zingalipire kabaza wa usiku ndi bilu yoyamba, zomwe ndi zinthu ziwiri zimene zimachedwetsa mwana pakhomo ndi kukankhira bambo kwa akatapila.

Thumba lotere limafa ndi zinthu zodziwika: msungichuma mmodzi wosayang'aniridwa, kubwereketsa ndalama kwa ofuna feteleza, ndi kusankha odwala potengera mpingo wawo. Amayi a banki m'khonde anapeza kale njira yake. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse. Gwirizanani poyera kuti thumbali lithandiza yani, mpaka ndalama zingati, ndipo adzabweza liti ngati n'kubweza. Ogwira ntchito m'maesiteti, amene ambiri anachokera kumaboma ena ndipo alibe abale pafupi, musawasiye kunja chifukwa chakuti maina awo sali m'kaundula wa mpingo.

Kenako komiti ipite kuchipatala cha mishoni ikadziwitse akuluakulu ake kuti thumbali lilipo, ndi kupempha kuti wodwala wobwera ndi kalata ya komiti alandiridwe msanga, bilu izitsatira pambuyo. Nambala za foni za anthu atatu osunga makiyi aja zilembedwe pakhoma la tchalitchi, zipatsidwenso kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kwa anyamata a kabaza a pamsika, ndipo zonsezi zichitike mvula yoyamba isanagwe.