Ola limodzi pamwezi lodziunika nokha

Anthu ambiri akamva kuti ndine katswiri wa za maganizo amaganiza zinthu ziwiri: kuti ndimatha kuona zamumtima mwa munthu pongomuyang'ana, kapena kuti ndimathandiza okhawo amene mutu wawo wasokonezeka. Zonsezi si zoona. Ambiri amene amabwera kudzalandira uphungu ndi aphunzitsi, amalonda, anamwino, makolo ndi ophunzira, ndipo gawo lalikulu la ntchito yathu n'losavuta kulifotokoza. Timakhala pansi, n'kubwerera m'masabata apitawo, n'kumafunsa kuti kwenikweni chinachitika n'chiyani, chinakukhudzani bwanji, nanga tsopano muchita chiyani. Luso limeneli si lathu lokha. Aliyense angaliphunzire n'kumadzichitira yekha kunyumba kamodzi pamwezi. Koma lili ndi malamulo ake, ndipo likagwiridwa molakwika limavulaza.

N'chifukwa chiyani pamwezi? Sabata ndi yaifupi. Simungaone chizolowezi m'masiku 7, chifukwa malungo a mwana kapena maliro amodzi amatha kudya sabata yonse. Chaka n'chotalika. Pofika Disembala za mu Malichi zaiwalika, ndipo ngati munalowa njira yolakwika mwayendamo kale mtunda wautali. Mwezi ndiwo muyeso umene moyo wathu ukuyendera kale: malipiro, lendi, bilu ya madzi, chakhumi, zonse zimabwera ndi mwezi. Mu 2014 ofufuza atatu a ku Wharton School ku America, Hengchen Dai, Katherine Milkman ndi Jason Riis, anasonyeza kuti anthu amayamba zinthu zabwino, monga masewera olimbitsa thupi, makamaka kumayambiriro kwa sabata, kwa mwezi ndi kwa chaka. Tsiku loyamba limapatsa munthu mtima woti zakale zapita, ayambirenso. Mwayi umenewu umabwera ka 12 pachaka, koma ambiri timaugwiritsa ntchito mu Januwale mokha.

Lamulo loyamba ndi loti musadalire kukumbukira. Ubongo susunga mwezi monga unalili. Mu 1993 Daniel Kahneman, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel, anachita ndi anzake kafukufuku wodziwika kwambiri m'maphunziro athu. Anthu anaviika dzanja m'madzi ozizira mopweteka, a madigiri 14, kwa masekondi 60. Ulendo wina anaviika kwa masekondi 60 omwewo, kenako n'kupitiriza masekondi ena 30 madziwo akufunditsidwa pang'ono chabe kufika madigiri 15. Atauzidwa kuti asankhe ulendo woti aubwereze, ambiri anasankha wautaliwo, ngakhale unali ndi ululu wochuluka, chifukwa unatha bwinoko. Tikamakumbukira timagwira malo awiri okha: pamene zinthu zinafika pachimake ndi pamene zinathera.

Tsopano taonani mmene mwezi umathera m'nyumba zambiri kuno kwathu. Sabata yomaliza ufa uli pansi pa thumba, mayunitsi a magetsi atsala pang'ono kutha, eninyumba ayamba kudutsadutsa pakhomo, ndipo aliyense ali ndi mtima wapachala. Mukadzifunsa pa 28 kuti mwezi wayenda bwanji, mutu udzayankha kuti wonse unali woipa. Tsiku lija mwana anabwera ndi zotsatira zabwino za mayeso, ndi madzulo aja munaseka ndi anzanu mpaka misozi, zonse zakwiririka.

Choncho yambani ndi umboni. Mwini okala wanzeru sanena kuti malonda ayenda bwino chifukwa akumva choncho mumtima. Amatseka chitseko, n'kuwerenga katundu wotsala pashelefu, ndalama za m'kabati ndi mayina a m'buku la ngongole. Inunso umboni muli nawo kale m'thumba. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba akuuzani kumene ndalama zinapita. Mndandanda wa mafoni amene munaimba ukuonetsani anthu amene munawafunafuna ndi amene munawaiwala. Zithunzi ndi zokambirana za pa WhatsApp zikukumbutsani kumene munali tsiku lakutilakuti. Tengani kope wamba la sukulu, mulembe zimene mwapeza sabata ndi sabata, musanaweruze chilichonse.

Apa ndi pamene ena amandiimitsa. "Kodi si inu nomwe mumatiuza kuti tisamaganize kwambiri?" Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake ndilo gwero la nkhani yonseyi. Kuganiza kwambiri kumadwalitsadi. Mu Okutobala 1989 chivomezi chachikulu cha Loma Prieta chinagwedeza dera la San Francisco. Zinangochitika kuti milungu iwiri chisanachitike, Susan Nolen-Hoeksema wa pa yunivesite ya Stanford anali atafunsa gulu la ophunzira za mmene amachitira akakhumudwa. Atawatsatira pambuyo pa ngoziyo, anapeza kuti amene anali ndi chizolowezi chomangobwereza m'mutu za kukhumudwa kwawo ndiwo ankavutikabe maganizo patatha milungu 7.

Nanga kudziunika kukusiyana pati ndi kumeneko? Edward Watkins wa ku yunivesite ya Exeter ku England wakhala zaka zambiri akufufuza zimenezi, ndipo anapeza kuti kusiyana kwakukulu kuli pa mtundu wa funso limene munthu amadzifunsa. Woganiza kwambiri amafunsa mafunso opanda malire: "N'chifukwa chiyani zimangochitikira ine? Kodi ndinalakwanji? Moyo wanga ukupita kuti?" Mafunso otere alibe yankho, n'chifukwa chake amazungulira usiku wonse. Wodziunika amafunsa za chinthu chimodzi chooneka: "Mkangano uja unayamba tsiku liti, tinali kuti, ndinanena mawu ati, ndipo zikadzafikanso pamenepo ndidzachita chiyani?" Funso ili lili ndi poyambira ndi pothera. Madzi akatayika saoleka, koma mungathe kudziwa pamene munapunthwa.

Pali zinthu zitatu zimene zimateteza kudziunika kuti kusasanduke kuganiza kwambiri. Choyamba ndi malire a nthawi: ola limodzi, masana kapena m'mawa, osati pakama usiku, ndipo likakwana mutseke kope. Chachiwiri ndi kulemba. Ganizo la m'mutu limatha kubwerera kambirimbiri likuoneka ngati latsopano, koma likalembedwa mumaliona kuti ndi lomwe lija. Mu 1986 James Pennebaker, ali ku Dallas, anapempha ophunzira kuti alembe za zowawa zimene anakumana nazo kwa mphindi 15, masiku 4 otsatizana. Amene analemba zimene zinachitika pamodzi ndi mmene anamvera anapita kuchipatala kochepa m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi amene analemba nkhani wamba. Kafukufuku wa pambuyo pake wasonyeza kuti phindu lake si lalikulu kwambiri, koma lilipo, ndipo mtengo wake ndi wa kope ndi cholembera. Amene kulemba kumawavuta angajambule mawu awo pafoni kapena kufotokozera munthu mmodzi wosunga chinsinsi. Chachitatu ndi chakuti ola limenelo lithere pa chosankha.

Umboni ukakhala patsogolo panu, dzifunseni mafunso ochepa. Ndalama ndi nthawi yanga zinapita kuti? Ndi masiku ati amene mtima unali m'malo, ndipo ndinkachita chiyani, ndili ndi yani? Ndi masiku ati amene unalemera? Kenako funso lovuta kuposa onse: kodi zimene ndimanena kuti n'zofunika kwa ine zikuoneka m'kopemu? Apa ndi pamene anthu amakhala chete m'chipinda changa. Bambo amanena ndi mtima wonse kuti ana ake ndiwo moyo wake, koma akawerenga madzulo a mwezi wonse amapeza kuti ambiri anathera pa bawo kapena koonera mpira. Mayi amafunitsitsa kukuza geni yake, koma mauthenga a foni akuonetsa kuti mpamba unadyedwa pang'onopang'ono ndi nsalu za maukwati ndi perekaniperekani. Anthu amenewa si abodza kapena aulesi. Palibe tsiku limene anasankha kuti zikhale choncho. Zinangochitika, tsiku ndi tsiku, chifukwa chimene chili pafupi ndi chimene chikufuula ndicho chimapambana nthawi zonse ngati palibe amene akuyang'anira.

Mukaona kusiyana kumeneku, mawu odziweruza adzabwera msanga: "Ndine wolephera, palibe chimene ndimakwanitsa." Aaron Beck, amene anayambitsa njira ya uphungu imene ambiri a ife timagwiritsa ntchito, anaona m'zaka za m'ma 1960 ku Philadelphia kuti odwala ake ankakhulupirira mawu otere ngati choonadi chosafunika kufufuza. Anawaphunzitsa kuwafunsa umboni. Inunso chitani chimodzimodzi. Lembani mawuwo, pansi pake mulembe zonse zimene munakwanitsa mwezi uno: lendi inalipidwa, ana anadya, munakazonda odwala, munamaliza ntchito imene inkakuopsani. Mawu akuti "palibe" ndi "nthawi zonse" kawirikawiri sapirira akakumana ndi kope.

Gawaninso tsamba pawiri, mbali ina zimene zili m'manja mwanu, mbali ina zimene sizili m'manja mwanu. Ichi n'chofunika kwambiri m'dziko lathu. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mabanja ambiri anapeza kuti malipiro omwewo sakufikanso pa 20. Munthu amene akudziimba mlandu chifukwa cha mtengo wa shuga, feteleza kapena mafuta a galimoto akusenza katundu wa eni ake. Kudziunika sikuthetsa umphawi, ndipo sindingakunamizeni kuti kungatero. Kumakuthandizani kuti mphamvu zochepa zimene muli nazo zipite pamene zingasinthe kanthu.

Ena amati zimenezi n'zodzikonda, zoti munthu azikana abale. Ine ndimaona zosiyana. Amene wawerenga bwino amapereka chopepesa pamaliro ndi kuthandiza mphwake wa kusukulu akudziwa chimene akuchita, mopanda kung'ung'udza mumtima, ndipo akamakana amakana ndi chifukwa chimene angachifotokoze mwaulemu. Komanso mwambo umenewu si wachilendo pakati pathu. Akhristu amadziunika asanapite kukalapa kapena asanayandikire mgonero, ndipo Ignatius wa ku Loyola, m'buku lake la zochita zauzimu limene linasindikizidwa mu 1548, anaika ndondomeko yobwerera m'tsiku lonse kuyambira ndi kuthokoza. Asilamu nawonso amaphunzitsidwa kudziwerengera okha zochita zawo. Chimene maphunziro athu awonjezera ndi kuyesa kuti ndi njira iti imene imathandiza ndi iti imene imavulaza.

Pomaliza ola lanu, sankhani chinthu chimodzi chokha choti musinthe. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mndandanda wa malonjezo khumi umafa sabata yoyamba. Chinthucho muchilembe mwa njira imene katswiri wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaifotokoza mu 1999: kutchula nthawi, malo ndi chochita. Kulemba kuti "ndizisunga ndalama" sikokwanira. Lembani kuti, "Malipiro akangolowa, ndisanachoke pa ejenti, nditumiza gawo la fizi." M'malo mwa "ndizikumbukira makolo", lembani kuti, "Lachitatu lililonse ndikaweruka, ndisanakwere minibasi, ndiwaimbira amayi kumudzi." Chosankha chikamangiriridwa ku nthawi ndi malo, nthawiyo ikafika imakukumbutsani yokha, ndipo simufunikanso kulimbana ndi mtima wanu tsiku lililonse. Njira yosankha vuto limodzi n'kulikonzera masitepe ndi imenenso Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, anaphunzitsa agogo aakazi a pulogalamu ya Friendship Bench, ndipo zotsatira zake zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinasonyeza kuti anthu ovutika maganizo anapeza bwino. Sizifuna digiri.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena momveka. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkazikonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, kope lokha silikwanira. Amenewo angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika. Pitani kuchipatala cha boma cha m'dera lanu mukafunse ogwira ntchito za matenda a maganizo. Thandizo limapezekanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi ku Zomba Mental Hospital. Ngati mukuganiza zodzipha, musadikire kutha kwa mwezi. Uzani munthu lero lomwe, ndipo mupite kuchipatala. Ndikunena izi makamaka kwa abambo, amene anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira, ndipo ambiri amafika kwa ife mochedwa.

Phindu lalikulu la kope limaoneka pakapita miyezi ingapo, mukayamba ola lanu powerenga masamba akale. Mudzapeza kuti zambiri zimene zinakusowetsani tulo zinatha zokha ndipo simukuzikumbukiranso, ndipo zimenezo zidzakuphunzitsani kusachita mantha msanga. Koma mudzapezanso mzere umodzi umene ukubwerera mwezi ndi mwezi: ngongole yomweyo, mowa womwewo, munthu yemweyo amene simukulankhulana naye, sukulu imene mukungoti mudzabwererako. Chimene chalembedwa katatu sichinangochitika mwangozi. Chimenecho ndicho chikufuna kuti muchiganizire mozama, muchisankhire njira, ndipo ngati chakukulirani, mupite nacho kwa ankhoswe, kwa abusa kapena ashehe, kwa mnzanu wokhulupirika kapena kwa ife opereka uphungu, mutadziwa kale kuti vuto lenileni ndi liti.