NAZALE YA MPIRA

Mlimi wa fodya safesa mbeu zace m'munda waukuru. Amayamba wafesa pa nazale, ndipo mbande zikakhwima amaziokera m'munda. Mpira wa miyendo m'dziko lathu la Zambia ulinso ndi nazale zace, ndizo matimu ang'onoang'ono.

Bungwe loyang'anira mpira, Football Association of Zambia, linaika matimu m'magulu monga makwerero. Pamwamba pali Super League, m'mene muli matimu ochuka onga Nkana ndi Power Dynamos. Pansi pace pali National Division One, ndipo pansi penipeni pali magulu a m'zigawo. Pakutha pa nyengo ya masewera, matimu opambana m'gulu lapansi amakwera, koma otsalira m'gulu lapamwamba amatsika. Timu ya Kafue Celtic inalawa zonse ziwiri: inakwera kulowa mu Super League mu caka ca 2021, nitsikanso mu 2022.

Koma nchito yaikuru ya timu yaing'ono ndiyo kulera osewera. Mnyamata akaonetsa luso, timu yace imambwereketsa ku timu yaikuru kuti akakhwime pakati pa akatswiri. Cotero Kafue Celtic inabwereketsa Patson Daka, amene anakulira m'tauni ya Kafue, ku Power Dynamos, ndipo Enock Mwepu ku NAPSA Stars. Mu 2017 anyamata awiriwa anali m'timu ya Zambia imene inatenga cikho ca Africa ca osewera osapitirira zaka 20, itagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka.

Caka comweco anapita ku Austria. Kumenekonso anayamba pa nazale, pakuti anasewera mu Liefering, timu yolera osewera a Red Bull Salzburg. Mu 2021 Daka analowa Leicester City ku England, ndipo Mwepu analowa Brighton. Timu yaikuru ikagula wosewera imalipira ndalama, ndipo ndalamazo zimathandiza timu yaing'ono kulera ana ena.

Maiko ena ali ndi njira yosiyana. Ku Canada ndi ku America, pa masewera a hockey amene amacitika pa madzi oundana, matimu a National Hockey League ali ndi matimu ao ang'ono mu American Hockey League. Wosewera akavulala, amaitana wina kucokera ku timu yaing'onoyo. Koma timu yaing'ono siikwera, ngakhale ipambane cotani. Amakwera ndi osewera okha.

Tsono, ana inu, musamanyoze timu ya kwanu cifukwa bwalo lace ndi lafumbi. Nazale ikauma, munda waukuru udzasowa mbande. Paja akuru anati, "M'mera mpoyamba."

MAFUNSO
1. Kodi timu imakwera bwanji kulowa mu Super League?
2. Cifukwa ninji timu yaing'ono imabwereketsa wosewera wace?
3. Chulani kusiyana kwa njira yathu ndi ya ku Canada.