Tizilombo Tosamva Mankhwala m'Maiŵe a Nsomba

Mlimi wa ku Mtakataka akaona zilonda pa makumba a m'dziŵe lake, angathamangire mankhwala onga oxytetracycline. Koma mankhwala othiridwa mwachisawawa amasiyako tizilombo tina ta Aeromonas tosaŵamvanso, monga Alexander Fleming anachenjezera za penisilini mu 1945.

Komatu walira mvula walira matope. Kachilombo kamene kasintha chibadwa kuti kapulumuke, nthaŵi zina kamaswana mochedwa, mphamvu yake yodwalitsa nsomba nichepa. Mlimi asakondwere msanga, pakuti mibadwo yotsatira ikhoza kupezanso mphamvuyo, mankhwala osaŵamvabe.

Tsono chitetezo chenicheni ndicho madzi abwino, nsomba zosathithikana, ndi uphungu wa alangizi a zansomba. Zilonda zina, monga za EUS zimene zinabuka ku Mchinji mu 2020, gwero lake ndi nkhungu, ndipo mankhwalaŵa sazichiza.